Kalongonda wa pampanda wa aneba

Amayi anga anafika ku America ndi sutukesi imodzi yofiirira ndi chigamulo chomwe anali atachipanga kale ali ku Phalombe. Tisanatuluke n'komwe pabwalo la ndege ku Chicago anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe, ndabwera kudzaona chaka chimodzi. Dzikoli likandikana, undibweze kwathu."

Pakamwa ndinati, "Chabwino Amayi," koma mumtima ndinali nditakana kale. Kwathu kwake kuti? Bambo anali atamwalira. Ana awo tilipo awiri basi, ine ku South Bend, achimwene anga ku Beech Grove m'mphepete mwa Indianapolis. Kumudzi amayi ankakhala okhaokha, BP ikuwavuta, ndipo tsiku lina anagwa kuseri kwa khitchini n'kugona pomwepo mpaka mayi wina wogulitsa tomato anawapeza dzuwa lili paliwombo. Ine ndine namwino, ndikudziwa kumene kugwa kotero kumathera. Mapepala oti abwere kuno ndinawavutikira zaka. Ndiye zoti ndidzawakwezenso ndege kubwerera kunyumba yopanda munthu ija sindinkafuna kuzimva ngakhale pang'ono.

Koma amayi si munthu wongomukhazika pampando n'kumuyatsira TV. Kwathu ankadziwika ndi masamba. Chisoso, luni, bonongwe, denje, chewe, onsewo ankawazindikira akadali timasamba tiwiri. Nyengo ya bowa anthu ankabwera ndi malichero kuti amayi awasankhire, uyu idyani, uyu tayani kutali ndi nkhuku. Munthu ameneyo ndiye ndinamuika m'nyumba ya ku South Bend, momwe ine ndinkachoka m'mawa kupita kushifiti ya maola khumi ndi awiri, ana akupita kusukulu, ndipo akabwera agogo awo akawafunsa m'Chichewa iwo akuyankha m'Chingerezi. Amayi ankazungulira kuseri kwa nyumba manja ali kumbuyo, akuwerama pano, kuwerama apo, osapeza tsamba limodzi lomwe akulidziwa dzina.

"Dziko lanji lopanda ndiwo?" ankatero. "Udzu wokhawokha, wometedwa ngati mutu wa mwana wasukulu."

Ndinkaseka, koma mantha ndinali nawo. Ndinkaona kuti chaka chawo chija akuchiwerenga.

Pakati pa nyumba yathu ndi ya aneba pali mpanda wa matabwa. Anebawo ndi mayi wachizungu wokalamba, wamasiye ngati amayi, ndipo pampandapo anabzala chomera choyanga, thunthu lake lopotana ngati chingwe chomangira ng'ombe. Chinayanga mpaka kugwera mbali yathu. Amayi anafika mu Julaye maluwa ake atayoyoka kale. Pofika Seputembala chinali chitalendewetsa zikhokhombe zazitali zaubweya wofewa. Tsiku lina ndikuvula nsapato pochokera kuntchito, amayi anandifunsa ngati akungocheza:

"Kodi chapampandachi maluwa ake amakhala otani?"

"A pepo," ndinatero, maso ali pafoni. "Amalendewera m'matsango ngati mphesa."

"Eya!" anatero amayi, n'kuwomba m'manja kamodzi.

Sindinawafunse kuti eya wake wa chiyani. Mpaka lero ndimadziimba mlandu pamenepo, chifukwa umboni womaliza ndinawapatsa ndine.

Amene sanakulire kumapiri kwathu ndiwauze: kalongonda ndi nyemba yoyanga, maluwa ake a pepo olendewera, zikhokhombe zake zaubweya. Ndi chakudya chathu ife Alomwe, koma sichiseweretsedwa. Ukamuphika mothamanga amakuzunguza mutu mpaka kuiwala dzina lako. Amafuna kumuphika tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka ululu wonse utachoka. Amayi anali katswiri pamenepo. Ndiye tangoganizani munthu amene wakhala miyezi itatu osadziwa dzina la tsamba lililonse, n'kuona pampanda chinthu cha ubweya womwewo, kuyanga komweko, ndipo mwana wake yemwe wamutsimikizira kuti maluwa ake ndi a pepo. Njere zake zinali zophwatalala ngati mabatani a jekete, osati zonenepa ngati za kwathu. Amayi anaziona zimenezo. Anangoti m'mtima mwawo, kuzizira kwa kuno n'kumene kwamuwondetsa.

Mu Okutobala achimwene anakonza mapemphero othokoza kunyumba kwawo ku Beech Grove, Loweruka masana, ndipo anaitana Amalawi a ku Indianapolis konse. Aliyense ankabweretsa mbale yake. Lachinayi ndi Lachisanu ndinali kushifiti. Amayi anathyola zikhokhombe, kusenda, kunyika, kuphika Lachisanu lonse, kutaya madzi kasanu monga mwa mwambo wake. Ine pobwera ndinangomva kafungo ka nyemba n'kuganiza kuti ndi nyemba za m'sitolo. Poto anali atamubisa kale m'galaja. Ankafuna kuti akavundukule pamaso pa anthu, Alomwe onse a m'chigawo chathu cha Indiana agwetse misozi.

Loweruka m'mawa anamuwiritsanso n'kulawa kodzaza dzanja. Anatafunanso njere ziwiri zaziwisi zomwe zinatsala, kuti ayerekeze ngati kuwawa kwachoka. Zaziwisizo sizinawawe n'komwe, ndipo iwo anati ndiye kuti kalongonda wa kuno ndi wofatsa. Zonsezi ndinazidziwa pambuyo pake. Chomwe ndinaona m'mawa umenewo ndi amayi atavala chilundu chawo chatsopano, akuika poto wokulungidwa m'chitenje kumbuyo kwa galimoto, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Chibwerereni ndinali ndisanawamvepo akuimba. Ndinasangalala, wopusa ine!

Msewu wochoka ku South Bend kupita ku Indianapolis ndi wowongoka, minda ya chimanga mbali zonse, maola awiri ndi theka ukamadiraiva mwaulemu. Ana anatsala ndi bambo awo chifukwa cha mpira. Tinali awiri basi. Nyimbo ija inatha tisanafike pakati pa ulendo. Titatsala pang'ono kulowa mumzinda, amayi anati, "Taimika."

Ndinaimika m'mbali mwa msewu, magalimoto akuluakulu akutiwomba mphepo. Amayi anasanza, anasanza, mpaka kugwada paudzu. Thukuta lili kamukamu, akugwira pamimba, akuti m'kamwa mukuwotcha.

"Amayi, mwadya chiyani?"

"Palibe."

"Amayi! Mwadya chiyani?"

Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chilundu chatsopano chija. "Kalongonda."

"Kalongonda ku Indiana? Mwamutenga kuti?"

Anatsegula kachikwama kawo ka m'manja n'kutulutsa chikhokhombe chimodzi. Anali atachisunga kuti akaonetse anthu. Nditangochiona ndinachizindikira kuti ndi cha pampanda paja. Ndinaimba nambala ya anthu olangiza za poizoni, yomwe anamwino tonse timaidziwa pamtima, n'kuwafotokozera chomera, maluwa, zikhokhombe. Mayi amene anayankha sanachedwe. Anati chimenecho ndi wisiteriya, maluwa okongoletsera pakhomo, ndipo njere ndi zikhokhombe zake zili ndi poizoni. Njere zochepa chabe zimakwana kusanzitsa munthu ndi kumutsegula m'mimba koopsa. Ndinafunsa ngati kuphika tsiku lonse sikuchotsa. Anati zimenezo musadalire. Atamva zaka za amayi ndi mankhwala a BP omwe amamwa, anati ndipite nawo kuchipatala chapafupi msangamsanga, asanathe madzi m'thupi.

Kuchipatala anawaika diripi. Achimwene ndi alamu anga anasiya alendo kunyumba n'kuthamangira komweko. Pofika madzulo kusanza kunali kutaleka, ndipo dokotala anati agone usiku umodzi awaone. Pamenepo mantha anga anasanduka ukali. Ndili ndi pakamwa ine, aliyense amene amandidziwa angakuuzeni. Ndinaima kumiyendo kwa bedi, achimwene ndi alamu ali pomwepo, n'kuyamba:

"Poto yense uja, Amayi! Mukanapha mpingo wonse! Ana a anthu akanadya zimenezija! Kuno si ku Phalombe, mwamva? Kuno simudziwa kanthu. Musadzathyolenso tsamba lililonse, olo limodzi. Chakudya chili m'firiji, mukusowa chiyani?"

Achimwene anandikoka mkono kuti ndikhale chete, koma mawu anali atatuluka kale. Amayi anayang'ana botolo la diripi nthawi yaitali. Kenako anati, osakweza mawu:

"Wanena zoona. Kuno sindidziwa kanthu. Undigulire tikiti."

Tinabwerera ku South Bend tsiku lotsatira osalankhulana. Poto ndinamukhuthulira m'thumba la zinyalala n'kumanga kawiri kuti agologolo asafikemo. Amayi atalowa m'nyumba anatsitsa sutukesi yofiirira ija, kulongedza zovala zawo zonse kupatula zitatu, n'kuiimika pafupi ndi chitseko cha chipinda chawo. Inakhala pamenepo miyezi isanu ndi iwiri. Ndikamadutsa ndi mtanga wa zochapa ndinkaipunthwa, koma sindinkayerekeza kuisuntha.

Ndinayamba kuzengereza mwaukatswiri. Ndinati dokotala akufuna awaonenso mu Disembala. Disembala atadutsa ndinati ndege za m'chisanu zimangokanselidwa, dikirani sinowo asungunuke. Amayi ankangoti, "Ndamva." Kuphika anasiya. Kuseri kwa nyumba anasiya kupitako. Nkhani inali itafalikira kale pakati pa Amalawi, ndipo ku Indianapolis anawapatsa dzina loti agogo a kalongonda. Sankanena mwankhanza, ayi, ndi mmene timasekerana ife. Koma amayi analimva dzinalo pafoni ya alamu ndipo linawalowa. Zinanso, zikhokhombe za wisiteriya zikauma zimaphulika zokha. Tsiku la dzuwa m'nyengo yozizira umangomva thu! thu! pampanda, njere zikuuluka mpaka kumenya zenera. Amayi ali pampando wawo ankati, "Wamva? Akundiseka."

Zinandipweteka kwambiri. Ndinadziwa kuti chomwe chikuwathamangitsa si poizoni uja koma mawu anga.

Thandizo linachokera komwe sindinkayembekeza. Kuntchito ndili ndi mnzanga, namwino mnzanga, wobadwira ku China. Tsiku lina mu Febuluwale tikudya nkhomaliro ndinamufotokozera nkhani yonse, n'kumuonetsa chithunzi cha chomeracho. Anagwira pakamwa. Anati njerezo ngakhale kwawo ana amaletsedwa kuzigwira. Kenako anawonjezera kuti, "Koma maluwa ake timadya. Agogo anga ankawathyola chaka chilichonse, kuwasakaniza ndi ufa wa tirigu n'kuwaphika panthunzi, ena kuika m'timikate ta shuga."

Ndinayenda nayo nkhaniyo masiku anayi osawauza amayi. Namwino wa mwa ine ankati, usayambitsenso zina, chomera chimenechi chinatsala pang'ono kukulanda mayi. Mwana wa mwa ine ankayang'ana sutukesi. Ndinaimbanso nambala ija. Anandiuza kuti inde, alipo anthu amene amadya maluwawo, koma iwo sangalimbikitse munthu. Ngati wina waumirira, akhale maluwa okhaokha, ochepa, osakhudza njere, zikhokhombe, masamba kapena khungwa, ndipo atsimikize kuti chomeracho sichinapoperedwe mankhwala.

Lamlungu titabwera kutchalitchi ndinawapangira amayi tiyi, n'kukhala pansi pakapeti pafupi ndi mapazi awo, monga ndinkachitira ndili mtsikana.

"Amayi, chapampanda chija akuti chimadyedwa."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Osati njere. Maluwa. Mnzanga wa ku China akuti kwawo amadya."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ndisawasereule. M'malo mwake anayamba kundipanikiza ndi mafunso ngati wapolisi. Maluwa ake otseguka kapena osatseguka? Kaphesi kake amachotsa? Amanyika m'madzi amchere kapena wamba? Amataya madzi kangati? Anadyapo ndani, ndipo amene ankadyayo anafika zaka zingati? Zonsezo ndinali ndisanamufunse mnzangayo.

"Ndiye umabwera ndi nkhani yatheka?" anatero. "Kamuitane mwini wakeyo."

Mnzanga uja anabwera Loweruka lotsatira masana. Ine ndinakonzeka kumasulira, koma sanandifune kwenikweni. Anakhala patebulo la kukhitchini, wina Chingerezi, wina Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, manja akugwira ntchito yonse. Mnzanga anang'amba kapepala kukhala ngati duwa, n'kuonetsa pomwe amathothola, kaphesi kobiriwira n'kukaponya kutali. Amayi anatulutsa chikhokhombe chija m'kachikwama, chinali chikadalimo, n'kuchiloza, kenako kugwira pakhosi n'kutulutsa lilime. Mnzanga anaseka mpaka misozi, amayi nawo anaseka. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chichokereni kuchipatala.

Mlendo atapita amayi anati, "Uja ndi munthu. Kwawo amadziwa kufunsa chomera." Kenako anayang'ana kuzenera. "Maluwawo amabwera liti?"

"Mu Meyi."

"Tikiti ija udzagule ndikawaona."

Sanati akhala. Sutukesi sinasunthe. Koma ndinapeza miyezi itatu, ndipo ndinailandira ndi manja awiri.

Kwa aneba anapita okha, ine ndikutsatira m'mbuyo ngati womasulira. Mayi wachizungu uja anali atamva za kuchipatala ndipo ankafuna kudula chomera chonsecho chifukwa cha chisoni. Amayi anakana kwamtuwagalu. "Uwauze kuti chomera sichinalakwe. Ndinachitchula dzina la mwini wake wina." Aneba analumbira kuti chibzalireni sanapoperepo mankhwala alionse, ndipo anati maluwa akabwera amayi athyole mmene angafunire.

Meyi atafika mpanda wonse unasanduka wa pepo. Matsango analendewera mpaka kukhudza udzu, njuchi zili ng'waa, fungo likulowa mpaka m'bafa. Ine ndinali nditakhala m'nyumba imeneyo zaka zinayi osaimapo n'kuyang'ana. Amayi anaima pansi pake m'mawa woyamba, manja m'chiuno.

"Ukanandionetsa awa poyamba sindikanasokoneza," anatero. "A kalongonda ndi oderapo, ndipo sanunkhira chonchi."

Sanathamange. Tsiku loyamba anathothola duwa limodzi, kuchotsa kaphesi, kulitsuka, kuliviika m'madzi otentha, kulidya, n'kukhala pampando kudikira. Ine ndinali nditapempha ofu, makina oyezera BP ali pamiyendo, makiyi a galimoto m'thumba.

"Ukundiyang'ana ngati nkhuku yodwala chitopa bwanji?" anatero. "Pita ukachape."

Tsiku lachiwiri anadya atatu. Tsiku lachitatu kodzaza supuni. Palibe chinachitika. Tsiku lachinayi anayesa njira ya mnzanga ija, ya ufa ndi nthunzi, n'kulawa, n'kukwinya nkhope. Anati chimenecho ndi chakudya cha odwala. Anatenga ufa wa tirigu, kaufa ka mgaiwa pang'ono, dzira, shuga, kamchere, n'kuthiramo maluwa odzaza manja awiri, kukanda mofewa, n'kumagwetsera m'mafuta otentha ndi supuni. Panatuluka timandasi tating'ono tokhukhuta kunja, m'kati muli timadontho totuwira momwe munali maluwa. Ndinaluma kamodzi ndi mtima wa namwino, kachiwiri ndi mtima wanga. Kakomedwe kake kali ngati nsawawa zanthete, koma fungo la mpanda uja limatsalira m'kamwa. Ndinadya tinayi nditaimirira.

"Ku Beech Grove kuli chiyani mwezi uno?" anafunsa amayi, akupukuta manja.

Kunali chinkhoswe cha mwana wa mmodzi wa akulu a mpingo, Loweruka lakumapeto kwa mwezi, ndipo madyerero ake anali pabwalo la kuseri kwa nyumba ya achimwene. Ndinayesa kuwaletsa. Ndinati anthu adzaseka. Amayi anati, "Anaseka kale. Atsala ndi kudya."

Maluwa a mbali yadzuwa anali atayamba kufota, koma a kumthunzi kwa galaja anali akadali bwino. M'mawa wa tsikulo tinathyola limodzi ndi aneba, beseni lonse, n'kukhala pakhonde atatu kuthothola duwa limodzilimodzi, amayi akuyendera mbale zathu ngati woyang'anira mayeso. Akapeza kaphesi kobiriwira m'mbale yanga ankakanyamula m'mwamba kuti aneba aone ulesi wanga. Anakazinga okha, osalola munthu kuyandikira chitofu.

Msewu unali wodzaza tsiku limenelo chifukwa inali sabata ya mpikisano wa magalimoto ku Speedway, dera lina la Indianapolis komweko, anthu ochokera kutali akukhamukira mumzinda. Titadutsa pamalo paja pomwe anagwada mu Okutobala, amayi anatembenuka kuyang'ana paudzupo n'kugwiritsa beseni lawo pamiyendo. Ulendo uno anakana kuliika kumbuyo.

Kwa achimwene kunali anthu osachepera makumi asanu. Matebulo anali atadzaza mpunga, nkhuku, nyama yowotcha, makeke a m'sitolo. Amayi anaika beseni lawo pakati penipeni n'kuvundukula. Mayi wina wa ku Speedway, nthabwala zake zosatha, anakuwa kuti, "Agogo a kalongonda afika! Ambulansi ili pafupi?" Anthu anaseka. Alamu anga anandiyang'ana ndi maso ondifunsa kuti walola bwanji zimenezi. Mzere wa chakudya unayamba, ndipo aliyense ankafika pabeseni la amayi n'kulidumpha mwaulemu. Magazi anga anayamba kuwira. Ndinali pafupi kutsegula pakamwa panga paja, koma amayi anandiponda phazi.

Anapita kwa mkulu amene ankayendetsa mwambo n'kupempha maikolofoni. Mayi wa ku Phalombe, amene chibwerereni sanalankhulepo pagulu! Anapereka ulemu kwa akuluakulu, kwa ankhoswe a mbali zonse, kenako anatsegula kachikwama n'kukweza chikhokhombe chija, chouma tsopano, chakuda.

"Ichi mukuchiona? Ichi ndi chimene chinandigoneka m'chipatala. Ndinachiyesa kalongonda. Si kalongonda, dzina lake wisiteriya. Ndinachiphika tsiku lonse, madzi ndinataya kasanu, koma chinandigwetsabe. Njere zake sizimawawa, ndiye mwana akhoza kutafuna zambiri osalavula. Nonse mukapite mukayang'ane m'mipanda yanu."

Mayi wa nthabwala uja anasiya kutafuna. Anati kunyumba kwake chilipo, chayanga pakhonde, ndipo kamwana kake ka zaka zitatu kamatola njerezo n'kumaseweretsa ngati ndalama. Mawu ake anali atasintha. Anatembenukira kwa amuna ake n'kuwauza kuti akangofika akasese zonse.

"Chomera chomwecho," anapitiriza amayi, "maluwa ake amadyedwa. Sindinalote ayi, ndinafunsa kwa eni ake amene akhala akudya kuyambira makolo awo. Maluwa okha, kaphesi kuchotsa. Ndayesa pathupi langa masabata awiri, mwana wanga namwinoyu akundilondera ndi makina ake. Ndi amene ali m'mandasiwa. Ana ndi amayi oyembekezera musawapatse, sindikufuna milandu. Enanu amene muli ndi mtima, bwerani. Amene mukuopa, makeke a m'sitolo ndi awo."

Anatenga limodzi, kulidya pamaso pa onse mosafulumira, n'kubweza maikolofoni.

Woyamba kudzuka anali achimwene, mwina chifukwa cha manyazi. Analuma, kutafuna, kuima kaye, n'kutenga ena awiri. Alamu anatsatira. Kenako mayi wa ku Speedway uja anabwera, n'kugwada pang'ono polandira monga timachitira kwathu, ndipo atalawa anakuwa kuti, "Amayi inu, mwaika perefyumu m'mandasi!" Basi pamenepo mzere unatembenuka. Madokotala, aphunzitsi a ku yunivesite, ophunzira a ku koleji ovala masuti obwereka, onse kukankhana pabeseni la mayi amene ndinamuuza kuti sadziwa kanthu. Mphindi makumi awiri sizinakwane, munatsala mafuta okha papepala la pansi. Amayi anakhala pampando pansi pa mtengo, azimayi atawazungulira, wina akuwaonetsa pafoni chithunzi cha tsamba lomwe lamera kuseri kwa nyumba yake, wina akufunsa ngati bonongwe wa m'mbali mwa msewu wa kuno ndi yemweyo wa kwathu. Ndinawamva akuyankha kuti, "Pachithunzi sindinganene. Ubwere nalo, ndipo tikafunsenso eni dziko. Ine ndinaphunzira."

Ndinalowa m'bafa la alamu n'kulira pang'ono, kenako ndinatsuka kumaso n'kubwerera kukathandiza kutsuka mbale.

Tinanyamuka dzuwa likadalipo. Titatuluka mumzinda, minda itayambanso mbali zonse, chimanga chitangomera kumene, ndinalimba mtima.

"Amayi, mawu aja ndinanena kuchipatala. Ndinalakwa. Mundikhululukire."

"Unalakwa pakamwa," anatero. "Koma poto uja unachita bwino kutaya."

Nkhani ya tikiti inali itatsala. Maluwa anali atawaona, pangano linali litakwana, ndipo ndinadziwa kuti akangoti gula, ndigula, chifukwa zifukwa zozengerezera zinali zitanditheratu. Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri n'kumadikira.

Amayi anali akuyang'ana beseni lopanda kanthu pamiyendo pawo, akulitembenuza.

"Lachepa ili," anatero. "Ankhoswe a kuchimuna sanalawe n'komwe. Komanso tinachedwa kuthyola, a kudzuwa aja anali atapita. Chaka chamawa tidzayambe sabata yoyamba, ndipo udzapemphe ofu masiku awiri, osati limodzi."

"Chaka chamawa, Amayi?"

"Wagontha? Yang'ana kutsogolo, ungatigwetsere m'chimanga cha eni ake. Ndipo tikafika unditsitsire sutukesi ija m'chipinda chapansi, ikungondipinga pakhomo."